Malamulo oteteza nsomba ndi nyama zakutchire: zomwe anthu a m'boma la Mangochi ayenera kudziwa

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukafika, nthambi yoona za usodzi imalengeza kuti makoka ndi nkacha ziyambe zapuma pa nyanja ya Malombe, ndipo Novembala akalowa chiletso chonga chomwechi chimafikanso pa nyanja ya Malawi. Uthengawu sulandiridwa ndi nthungululu m'madoko. Umabwera nthawi imene nkhokwe zayamba kupepuka, feteleza akufunika ndalama, ndipo ana akudikira zofunika kusukulu. Choncho msodzi akafunsa chifukwa chimene boma limamuletsera kupha nsomba pa nyanja imene makolo ake adaphapo kuyambira kalekale, funso lake ndi lomveka ndipo liyenera kuyankhidwa mokwanira.

Yankho lake lili m'malamulo angapo amene Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa. Aakulu mwa iwo ndi lamulo la usodzi la 1997, lotchedwa Fisheries Conservation and Management Act, ndi lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire la 1992, lotchedwa National Parks and Wildlife Act, limene lidakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017. Malamulowa amatsamira pa gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limapatsa boma udindo wosamalira zachilengedwe kuti mibadwo yam'tsogolo idzapindule nazo. Ngakhale ali ndi ndime zambiri, mfundo yake ndi imodzi: kuteteza kholo pamene likuswa, kuteteza mwana mpaka atakula, ndi kuteteza malo amene zonsezi zimachitikira.

Phunziro la nyanja ya Malombe

Boma la Mangochi silifunika kupita kutali kukafuna umboni wa zomwe zimachitika mfundo imeneyi ikaphwanyidwa. Nyanja ya Malombe ndi yosaya kwenikweni, ndipo kale idali dambwe la chambo. Mu 1982 asodzi adapha chambo choposa matani 8,000 pa nyanjayi, koma patangotha zaka khumi chambo chophedwa pa chaka sichidafikenso matani 1,000. Palibe mliri umene udagwa. Chimene chidachitika n'chakuti makoka a maso ang'onoang'ono adachuluka, ndipo ukonde wa nkacha, umene amaukoka pansi pa nyanja mmodzi wa asodzi n'kumira kukaumanga kunsi, udafalikira paliponse. Zida zimenezi zidakokolola tiana ta chambo pamodzi ndi kambuzi, komanso zidazula udzu wa pansi pa madzi umene nsomba zinkabisalamo.

Chambo chitatha, asodzi adatembenukira ku kambuzi, nsomba yaing'ono imene mtengo wake sungafanane ndi wa chambo. Ntchito idakhala yomweyo, thukuta lomwelo, koma phindu lidachepa. Kugwa kwa chambo cha ku Malombe ndi kumene kudachititsa kuti mu 1993 boma liyambe kuyendetsa usodzi mogwirizana ndi anthu kudzera m'makomiti a m'madoko otchedwa Beach Village Committee, kapena kuti BVC. Makomiti oyamba adakhazikitsidwa m'mbali mwa nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire, ndipo lamulo la 1997 lidadzatsegula njira yoti dongosolo limeneli lifalikire m'dziko lonse.

Vutoli silidathere ku Malombe. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zomwe zili pa chiopsezo pa dziko lonse, lidaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi ndipo lidapeza kuti mitundu 9 mwa mitundu 100 iliyonse ili pa chiopsezo chachikulu chotheratu. Mitundu itatu ya chambo idaikidwa m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kuzimiririka. Ntchila, imene m'zaka za m'ma 1950 idali pakati pa nsomba zophedwa kwambiri pa malonda, lero ana ambiri a kunyanja sadaionepo n'komwe.

Mmene chambo chimaswanira

Kuti chiletso cha miyezi ya dzinja chimveke, m'pofunika kudziwa kakhalidwe ka chambo. Nyengo yoswana ikafika, chambo chachimuna chimakonza chisa chozungulira pa mchenga wa pansi pa nyanja. Chachikazi chimaikira mazira pamenepo, kenaka chimawatola n'kuwasunga m'kamwa. Mazirawo amaswa ali m'kamwa momwemo, ndipo mayiyo amayenda ndi tianato kwa masabata angapo, osadya mokwanira, kufikira atatifikitsa m'madzi osaya a m'mbali mwa nyanja, m'mabango ndi m'maudzu, momwe timakulira.

Pa chifukwa chimenechi, khoka likakokedwa m'nyengo imeneyi limapha zinthu zitatu nthawi imodzi. Limagwira mayi, limataya mazira kapena tiana timene tidali m'kamwa mwake, ndiponso limafafaniza zisa zimene zidali pa mchenga. Chambo chimatenga pafupifupi zaka zitatu kuti chikhwime n'kuyamba kuswa. Kotero kasawala amene wagulitsidwa lero pa mulu wotchipa ndi chambo chimene chikadakhala ndiwo yamtengo wapatali komanso kholo la nsomba mazanamazana. Mlimi aliyense amadziwa kuti njala ingavute bwanji, mbewu siphikidwa. Lamulo la usodzi likunena zomwezo, koma za m'madzi.

Zomwe lamulo la usodzi limanena

Lamulo la 1997 pamodzi ndi malamulo ake aang'ono a 2000 limayang'ana zinthu zinayi: nthawi, zida, msinkhu wa nsomba ndi malo.

Pa za nthawi, lamulo limapereka mphamvu zotseka usodzi wa zida zina m'miyezi imene nsomba zikuswana. Masiku enieni otsekera ndi otsegulira, komanso zida zimene zikukhudzidwa, amalengezedwa ndi nthambi ya usodzi, ndipo msodzi aliyense ayenera kuwafunsa kwa mlangizi wa usodzi wa dera lake kapena kwa komiti ya padoko asadalowe pa madzi. Kusamva chilengezo si chifukwa chimene bwalo la milandu lingalandire.

Pa za zida, ukonde uliwonse wophera nsomba zamalonda uyenera kukhala ndi laisensi imene imalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo mtundu uliwonse wa ukonde uli ndi kukula kwa maso kumene kumaloledwa. Ukonde wa udzudzu, umene umagawidwa kuti uteteze amayi ndi ana ku malungo, ndi woletsedwa kuphera nsomba kapena kusokerera m'kati mwa khoka. Maukonde a monofilament, aja a ulusi umodzi woonekera ngati pulasitiki, ndi oletsedwanso. Maukonde amenewa saola msanga, motero akaduka n'kutsalira m'madzi amapitiriza kukola nsomba zimene palibe amene adzazidye. Nkacha ndi wololedwa pa nyanja ya Malombe pokha, osati pa nyanja ya Malawi. Kupha nsomba ndi mabomba, magetsi kapena mankhwala, kuphatikizapo katupe, ndi mlandu kulikonse.

Pa za msinkhu, chambo chosafika masentimita 15 sichiloledwa kuphedwa, ndipo mpasa uyenera kufika masentimita 30. Malonda a kasawala amakhalapo chifukwa pali ogula, choncho wamalonda wonyamula nsomba zosakhwima kupita nazo ku Limbe kapena ku Lilongwe ali ndi gawo lake pa kuonongaku, mofanana ndi amene adakoka khokalo.

Pa za malo, maboti akuluakulu okoka maukonde ndi injini saloledwa kugwira ntchito m'madzi osafika mamita 18 kuya kwake, kapena kuyandikira gombe kupitirira mtunda wa pafupifupi makilomita awiri. Cholinga chake ndi kusiyira madzi osaya nsomba zoswana ndi asodzi ang'onoang'ono. Asodzi a mabwato akadandaula kuti maboti aakulu akulowa m'madzi osaya, amakhala akudandaula za kuphwanyidwa kwa lamulo, ndipo ali ndi ufulu wokanena ku ofesi ya usodzi. Lamulo limamanga mwini boti la injini chimodzimodzi ndi mwini bwato losema.

Lamulo lomweli limaletsanso kulowetsa mitundu ya nsomba yachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo. Alimi a nsomba m'maiwe ayenera kugula mbewu ya nsomba kwa oswetsa ovomerezeka okha. Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Victoria adaona kuopsa kwa nkhani imeneyi: nsomba yolusa ya Nile perch itaikidwa m'nyanjayo m'zaka za m'ma 1950, mitundu yambiri ya nsomba zachilengedwe idazimiririka.

Nsomba imayambira kumtunda

Malo okhala nsomba sathera pa gombe. Mpasa, sanjika ndi ntchila zimachoka m'nyanja nthawi ya mvula n'kukwera mitsinje kukaikira mazira pa miyala ndi timiyala ta m'madzi oyera. N'chifukwa chake kutchinga mtsinje wonse ndi miono kapena kutchera ukonde pa mathiriro a mtsinje kumaononga kwambiri: nsomba zonse zonyamula mazira zimagwidwa pa khomo limodzi. Mtsinje wa Bua, umene umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, udakali pakati pa mitsinje yochepa imene mpasa umaswaniramo, ndipo mitengo ya m'mbali mwake ndi imene yathandiza kuti madziwo akhalebe abwino.

Mitengo ikadulidwa m'mapiri a Namizimu kapena a Phirilongwe, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira m'mitsinje. Matope amakwirira timiyala toikirapo mazira, amadetsa madzi, ndipo pomaliza amakafika m'nyanja. Kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kumachita zomwezo. Apa ndi pamene lamulo la nkhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020 makamaka pa nkhani ya makala, limakumanirana ndi lamulo la usodzi. Wootcha makala kuphiri ndi msodzi wa kunyanja mwina sadziwana, koma ntchito ya woyambayo imachepetsa chakudya cha wachiwiriyo.

Mabango a m'mbali mwa nyanja nawonso ndi nyumba ya tiana ta nsomba. Anthu ena omanga malo ogona alendo ndi nyumba zopumulirako amawadula kuti gombe lioneke loyera. Lamulo losamalira zachilengedwe la 2017, lotchedwa Environment Management Act, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu zachitukuko ziyambe zaunikidwa mmene zingakhudzire chilengedwe ndi anthu zisadayambe. Mafumu ndi makomiti achitukuko a m'midzi ndi a m'madera ali ndi ufulu wofunsa ngati kuunika kumeneku kudachitika.

Paki ya m'madzi

Boma la Mangochi lili ndi chuma chimene maboma ena alibe. Paki ya Lake Malawi, imene ili ku Cape Maclear m'dera la Mfumu Nankumba, idakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba za m'madzi opanda mchere, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse, ndipo yambiri mwa iyo, monga timbuna tamawangamawanga ta m'miyala, sipezeka kwina kulikonse. Mitundu ina ya mbuna imakhala pa chilumba chimodzi chokha, kotero kuononga miyala ya pa chilumba chimenecho ndi kufafaniza mtundu wonse.

Malire a pakiyi amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera pa gombe la mtunda ndi la zilumba zake, ndipo m'kati mwa mamita amenewa usodzi ndi woletsedwa. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale idasiyidwa pamalo pake pamene paki inkakhazikitsidwa, ndipo anthu ake amapha nsomba kunja kwa malire amenewa. Alendo amene amabwera kudzasambira ndi kuona mbuna amasiya ndalama kwa eni maboti, operekeza alendo, osema ziboliboli ndi amayi ogulitsa zakudya. Nsomba imene yaonedwa ndi mlendo lero idzaonedwanso ndi wina mawa.

Magulu a nyama ndi zilango zake

Kumtunda, lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire lidasintha kwambiri mu 2017. Kale munthu wopezeka ndi minyanga ya njovu ankatha kulipira chindapusa chochepa n'kubwerera kwawo, ndipo izi zidachititsa kuti magulu ozembetsa katundu wotere aone dziko la Malawi ngati njira yosavuta kudutsamo. Lamulo lokonzedwalo lidagawa zamoyo m'magulu anayi, lililonse ndi chilango chake.

Gulu loyamba ndi la nyama zimene zingasakidwe ndi munthu amene ali ndi laisensi. Wophwanya lamulo pa gulu limeneli angathe kulipitsidwa mpaka K2 miliyoni ndi kukhala m'ndende zaka zinayi. Gulu lachiwiri ndi la zamoyo zotetezedwa, ndipo chilango chake chimafika K5 miliyoni ndi zaka khumi. Gulu lachitatu ndi la zamoyo zomwe zili pa chiopsezo chotha, ndipo chilango chake chimafika K15 miliyoni ndi zaka 30. Gulu lachinayi ndi la zamoyo zotetezedwa mwapadera, monga njovu, chipembere, ngaka, mkango ndi kambuku. Pa gulu limeneli lamulo silitchula chindapusa: wolakwa angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Bwalo lingathenso kulanda mfuti, galimoto kapena njinga imene idagwiritsidwa ntchito pa mlanduwo.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti mlandu si kupha kokha. Kusunga, kunyamula, kugula kapena kugulitsa nyama yotetezedwa, yamoyo kapena yakufa, ngakhalenso chikopa, dzino, nyanga kapena mamba ake popanda chikalata cha umwini, ndi mlandu. Anthu ambiri a kumidzi amene ali m'ndende chifukwa cha ngaka adakopeka ndi mphekesera yakuti kanyamaka kamagulidwa ndalama zambiri, ndipo adagwidwa akufunafuna wogula. Munthu amene wakumana ndi ngaka m'munda aisiye ipite, kapena adziwitse apolisi kapena ogwira ntchito ku nthambi ya mapaki. Lamuloli lafikiranso akuluakulu a malondawa: mu Seputembala 2021 bwalo la ku Lilongwe lidagamula kuti mkulu wa gulu lina lozembetsa nyanga za chipembere, nzika ya dziko la China, akakhale m'ndende zaka 14.

Zotsatira za chitetezo chokhwima zikuoneka pafupi pomwepa. Bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa paki ya Liwonde mogwirizana ndi boma mu 2015, ndipo mu 2018 nkhalango ya Mangochi idawonjezeredwa pa mgwirizanowo. Misampha ya waya masauzande ambiri idachotsedwa, mikango idabwezeretsedwa mu 2018, ndipo mu 2019 zipembere 17 zidafika kuchokera ku South Africa. Njovu zidachuluka mpaka zina 263 zidasamutsidwira ku paki ya Kasungu mu 2022.

Nyama zikavuta anthu

Kukamba za chitetezo cha nyama kwa mlimi amene munda wake wadyedwa ndi mvuu, kapena kwa banja limene lataya mwana chifukwa cha ng'ona, kumafuna kunena zoona. Kukhala moyandikana ndi nyama zakutchire kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira ndi anthu a m'midzi. Anthu a ku Phirilongwe amakumbukira zaka zimene njovu zinkaononga minda ndi kupha anthu, mpaka mu 2009 pamene njovu 83 zidasamutsidwira ku Majete m'boma la Chikwawa.

Lamulo silimuuza munthu kuti aime chilili nyama ikamuukira. Limalola kudziteteza kapena kuteteza munthu wina pamene moyo uli pa ngozi yeniyeni. Koma amene wapha kapena kuvulaza nyama yotetezedwa mwa njira imeneyi ayenera kukanena msanga kwa wogwira ntchito ku nthambi ya mapaki kapena kupolisi, ndipo nyamayo, chikopa chake ndi mano ake zimakhala za boma. Kugawana nyamayo mwakachetechete kapena kubisa mano a mvuu kumasandutsa kudziteteza kukhala mlandu. Nyama imene yazolowera kuvuta mudzi iyenera kunenedwa kudzera kwa mfumu kuti alenje a boma adzachitepo kanthu. Kuthira poizoni pa nyama yakufa pofuna kubwezera kumapha miimba, ziwombankhanga ndi agalu a m'mudzi momwemo, ndipo kumaika pa ngozi anthu amene angatole nyamayo.

Udindo wa mafumu, makomiti ndi khonsolo

Ogwira ntchito za usodzi ndi a zamapaki ndi ochepa poyerekeza ndi kutalika kwa gombe la boma lino, kuchokera kwa Makanjira kuzungulira mpaka ku Malembo, kuphatikizapo nyanja ya Malombe. Palibe boti lolondera limene lingafike padoko lililonse usiku uliwonse. Poona zimenezi, lamulo la usodzi limalola mkulu wa nthambi ya usodzi kupanga mgwirizano ndi magulu a asodzi kuti aziyendetsa okha madera awo, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa khonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'boma amene amagwira ntchito akavomerezedwa ndi nduna. Kudzera m'njira zimenezi, midzi ingathe kupatula malo oswaniramo nsomba, kuwaika zizindikiro ndi kuwalondera.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi chilumba cha Mbenji m'boma la Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wa kumeneko umatseka usodzi pa chilumbachi kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo asodzi onse amachokapo. Dongosololi lidayamba lamulo la 1997 lisadalembedwe, ndipo lakhalitsa chifukwa chilango chimagwera aliyense mosayang'ana nkhope. Pamene komiti ikulanda ukonde wa mlendo koma kulekerera wa m'bale wa mfumu, kapena pamene mwini khoka loletsedwa akumasulidwa chifukwa cha cholowa, asodzi osunga lamulo amaona kuti akungodzimana okha, ndipo chaka chotsatira nawonso amalowa pa madzi.

Miyezi yotseka imakhalabe yowawa kwa mabanja amene amadalira usodzi wokha. Mabanki a m'mudzi, ulimi wamthirira, ulimi wa nsomba m'maiwe ndi kuweta njuchi ndi zina mwa ntchito zimene makomiti achitukuko angaike patsogolo polemba mapulani a midzi yawo, kuti zikafike m'ndondomeko yachitukuko ya khonsolo. Eni zida angagwiritse ntchito nyengoyi kukonza maboti, kusintha maukonde a maso osaloledwa ndi kulipira malaisensi.

Aliyense wofuna kudziwa masiku otsekera usodzi, kukula kwa maso a ukonde ololedwa kapena njira yopatulira malo oswaniramo nsomba m'dera lake afike kwa mlangizi wa usodzi, kwa komiti ya BVC kapena ku ofesi ya usodzi ya boma lino. Nkhani za nyama zovuta ndi za malonda a nyama zotetezedwa zikanenedwe kwa mfumu, kupolisi yapafupi kapena kwa ogwira ntchito ku nthambi ya mapaki ndi nyama zakutchire.